Mpweya wa Tayala la Kumbuyo

1. Mawu a Bambo

Kunyumba ankamutchula kuti Changu. Dzinali linamumatirira ali kamwana, chifukwa nsapato ankavalira m'njira ndipo tiyi ankamwa choimirira. Tsopano anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Sekondale anali atamaliza, ndipo laisensi ya njinga yamoto inali itatha miyezi inayi m'thumba mwake.

M'mawa wa tsikulo pakhonde panadzaza katundu: chikwama chachikulu cha zovala, zikwama ziwiri za mabuku, bulangete lopindidwa ndi ndowa yabuluu. Katunduyo anali wa mng'ono wake, Mzime, yemwe anasankhidwa kukayamba sekondale yogonera komweko. Ulendowo unali wa maola asanu. Kalata ya kusukuluko inanena poyera kuti amene sadzakhala atafika pokwana 4 koloko madzulo, malo ake adzapatsidwa kwa wina.

Woyenera kumuperekeza anali bambo awo, omwe anali kalipentala. Koma dzana lake anagwa pamakwerero, ndipo dzanja lawo lamanja linali m'pulasitala. Basi ya njira imeneyo inkayenda kawiri pa sabata, ndipo tsikulo silinali lake. Mayi awo anali atalawirira kuntchito. Choncho makiyi a njinga yamoto ya bambo anagwera Changu.

Bambo anaima pambali pamene iye ankamanga katundu pakaliyala.

"Cholemera chikhale pansi, pafupi ndi msana wa mng'ono wako. Koka legeni limenelo. Kokanso."

Atamaliza, bambo analoza kapepala komatidwa pachotchinga tcheni.

"Gwada apa, uwerenge."

Changu anapukuta fumbi ndi chala. "Munthu mmodzi: kutsogolo 25, kumbuyo 29. Anthu awiri: kutsogolo 25, kumbuyo 33."

"Waona kusiyana kwake? Tsopano tchera khutu, mwanawe. Njinga iyi sinyamulidwa ndi injini, sinyamulidwa ndi chitsulo. Imanyamulidwa ndi mpweya. Pamene tayala limakhudza msewu m'pochepa ngati chikhatho changachi, ndipo lero moyo wa ana anga awiri ukhala pamenepo. Iwe unazolowera kuyenda wekha, kupita kumsika n'kubwerako. Lero kulemera konse kuli kumbuyo. Tayala lochepa mpweya likasenza katundu limaphwatalala. Limapindika uku ndi uku ngati waya amene munthu akufuna kumuthyola, ndipo limatentha. Likatentha limathera m'kati, kunja likuoneka labwinobwino. Pophulika silitsanzika. Chakudza sichiimba ng'oma."

"Ndamva, Bambo."

"Sunamve, sindinamalize. Usapopenso mopitiriza ati kuti liume ngati mwala. Lotero limanjanja, ndipo pamchenga kapena pamadzi limaterereka. Nambala yolembedwa m'mbali mwa tayala usaitsate. Amenewo ndi malire a tayalalo, si muyeso woyendera. Muyeso ndi wa pakapepala aka, ndipo njinga iliyonse ili ndi wake. Tayala amalipima lili lozizira, usanayende mtunda. Ndatha sabata zitatu ndisanapime, geji yanga yopimira mpweya inathyoka. Ndiye uyambe wadzera kwa mkulu wa matayala pakona paja. Ndi pafupi, tayala likhala lisanatenthe. Apime ndi geji, iwe uone nambala ndi maso ako. Ukatero unditumizire uthenga."

Changu anagwedeza mutu, maso ali pawotchi. Bambo anamanga lamba wa helemeti ya Mzime ndi dzanja limodzi, n'kumusisita paphewa.

"Umvere mkulu wako, wamva?"

"Eya, Bambo."

2. Phazi la Shasha

Pakona anapeza chitseko cha mkulu wa matayala chili ndi loko. Payipi ya mpweya inali itakulungidwa m'kati, ikuonekera pawindo. Mayi wina wosesa pasitolo yoyandikana nayo anati mkuluyo waperekeza mdzukulu wake kuchipatala, abwera posachedwa.

"Posachedwa pake ndi liti?" anafunsa Changu.

"Aa, nanga ine ndidziwa bwanji? Dikirani."

Anadikira. Mphindi khumi zinadutsa. Changu ankayenda uku ndi uku, makiyi akulira m'manja.

Kenako panafika Shasha pa njinga yake yofiira. Anali mnyamata amene anaphunzira naye kalasi imodzi, ndipo tsopano ankanyamula anthu m'tauni. Helemeti yake inali pachigongono m'malo mwa kumutu.

"Changu amene ndimamudziwa uja waima? Dziko latha!" anaseka. "Vuto n'chiyani?"

Changu anamufotokozera. Shasha anatsika, anazungulira njingayo, n'kumenya tayala la kumbuyo ndi phazi kawiri.

"Ili ndi bho. Lamva."

"Bambo anati tipime ndi geji," anatero Mzime.

"Geji ndi iyi, mwana." Shasha anakweza nsapato yake. "Zaka ziwiri pamsewu, phazi ili silinandinamizepo. Ine ndimanyamula anthu atatu ndi thumba la simenti. Madala amakonda kuopseza. Mukadikira mkulu uja, mukafika kusukulu anzanu atalandira kale satifiketi."

Changu anadina tayalalo ndi chala chachikulu. Linali lolimba ndithu. Anayang'ananso wotchi.

"Achemwali, tidikireko pang'ono," anatero Mzime. "Kapena tibwerere tikawauze Bambo."

"Kuti atigwadikenso tiwerenge kapepala? Kwera. Tikapima kutsogoloku."

Anatulutsa foni n'kulemba: *Tapima. Zonse zili bwino. Tanyamuka.* Mzime anaona mawuwo ali paphewa pake.

"Koma si zoona zimenezo."

"Ukufuna sukulu kapena sukuifuna? Kwera."

Mzime anakwera. Atangokhala, tayala la kumbuyo linatupa m'mbali ngati tsaya la munthu amene wavumata madzi. Changu sanaone, chifukwa anali atakhala kale kutsogolo. Shasha sanaone, chifukwa anali akukuwira kasitomala kutsidya kwa msewu.

Potuluka m'tauni anadutsa malo omwetsera mafuta. Pampope wa mpweya panali galimoto zitatu zikudikira. Mzime anamugwira m'nthiti n'kuloza. Changu anapukusa mutu, n'kuwonjezera moto.

3. Pamtsetse

Maola awiri oyamba anayenda bwino. Nyumba zinachepa, mitengo inachuluka. Dzuwa linakwera mpaka phula linayamba kunyezimira kutsogolo ngati pali madzi.

Chinthu choyamba chimene Changu anamva chinali kulemera. Pokhota, njinga inkakana, ngati wina akuikokera kumbuyo. Anaganiza kuti ndi katundu.

"Usamagwedezeke!" anakuwa.

"Sindikugwedezeka ine!"

Anafika pamwamba pa chitunda. Kuyambira apo msewu unkatsika mokhotakhota, kumanzere kuli khoma la miyala, kumanja kuli phompho lotchingidwa ndi zitsulo zopindikapindika. Malo ena zitsulozo panalibe. Pagalasi Changu anaona lole yaikulu yonyamula matabwa ikutsika pambuyo pawo.

"Achemwali, kukununkha mphira!"

Fungolo Changu anali atalimva kale.

Pakona yoyamba kumbuyo kwa njinga kunasewera. Kunapita kumanja, n'kubwerera kumanzere, ngati mchira wa nsomba. Chiwongolero chinayamba kunjenjemera m'manja mwake. Ndowa inkamenya chikwama, kho! kho! kho!

"Mayo! Tikugwa! Achemwali, tikugwa!"

Mzime anamukumbatira mwamphamvu mpaka Changu analephera kupuma. Lole ija inaliza hutala. Mabuleki ake ankalira ngati nkhumba, ndipo pagalasi sipankaonekanso china koma chitsulo cha kutsogolo kwake.

Phazi la Changu linafuna kuponda buleki yonse. Analiletsa. Anabweza moto pang'onopang'ono, mawondo atapana thanki. Njinga inapepeluka kulowera kumanja, pamene panalibe zitsulo. Anaona nsonga za mitengo pansi pake.

"Usayang'ane kumbali! Gwira ine basi!"

Anayatsa sigino. Anagwira buleki ya kutsogolo ndi zala ziwiri, mofatsa, n'kusiya, n'kugwiranso. Patsogolo, kumanzere, panali kamalo ka miyala ing'onoing'ono pamene galimoto zimapatukirapo. Njinga inalowa pamenepo ikugwedezeka, inatsetsereka pang'ono, n'kuima mapazi a Changu onse ali pansi.

Lole inadutsa ndi mphepo yake yonse. Woyendetsa anatulutsa dzanja pawindo, akulalata mawu amene sanawamve.

Mzime anatsika n'kukhala pansi pomwepo. Sanalire. Ankangolimbana ndi lamba wa helemeti, akulephera kumasula.

Changu anagwada pafupi ndi tayala. Atalikhudza anachotsa dzanja msanga. Linali lotentha ngati chiwaya.

Anayang'ana kumtunda, kunalibe munthu. Anayang'ana kumunsi, ndipo patali anaona madenga a malata angapo ndi tayala lakale lopachikidwa pamtengo.

"Dzuka, Mzime. Tiziikankha."

"Sindikweranso."

"Sindikuti ukwere. Ndati tiziikankha."

4. Mayi a Matayala

Anatenga pafupifupi ola kuti afike, Changu atagwira chiwongolero ndi buleki, Mzime atagwira katundu kumbuyo. Malowo anali ndi masitolo anayi ndi mjigo. Pansi pa tayala lopachikidwa lija panali shedi, m'kati mwake muli kompuresa, beseni la madzi akuda ndi mulu wa machubu.

Mwini wake anali mayi wachikulire wovala ovolosi, magalasi ake atamangidwa ndi waya. Anasiya chubu chimene ankamata, anaona atsikanawo, kenako anaona tayala. Sanapereke moni.

"Mwachokera kutali bwanji ndi tayala ili?"

"Maola awiri ndi theka, Mayi."

"Awirinu? Ndi katundu yenseyu?"

"Eya."

Mayiwo anatulutsa geji m'thumba la pachifuwa n'kuikanikiza pavalavu. Anaitembenuza kuti Changu aone.

"Werenga wekha."

"Twente."

"Twente, ndipo likadali lofunda. Tayala lofunda limaonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni. Ndiye kuti m'mawa munanyamuka ndi wochepa kuposa pamenepa. Limafuna zingati mukakhala awiri?"

"33," anayankha Changu motsitsa mawu.

"Oho! Ndiye nambala ukuidziwa! Anapima ndani?"

Changu anayang'ana pansi. Anayankha ndi Mzime. "Mnzawo wina anamenya ndi phazi."

Mayiwo anavula magalasi.

"Phazi. Tamvera, mtsikana iwe. Ndakhala pansi pa mtsetse uwu zaka makumi awiri. Amene amatsika apa ndimawaona, ena pa njinga zawo, ena atawanyamula. Tayala la njinga yamoto lili ndi khoma lolimba. Ngakhale mpweya utatsala theka, ukalimenya limayankha ngati lodzaza. Phazi limanama, chala chimanama, diso limanama. Chaka chatha panadutsa bambo wina ndi mkazi wake, atamanga makatoni mpaka kumutu. Ndinawakuwira kuti tayala lagona. Anandibayibitsa, ati akuchedwa kuukwati. Pakona yachiwiri kumunsiku ndi pamene anathera ulendo. Mkaziyo amayenda ndi ndodo mpaka lero. Bamboyo amabwera pano mwezi uliwonse kudzapima matayala a njinga yakapalasa, chifukwa yamoto sanaikhudzenso. Amakhala pabenchi apo n'kumati, 'Mayi, mphindi zisanu zokha.' Ine sindimuyankha. Pepani sapoletsa chilonda."

Mzime anayamba kulira tsopano, mwakachetechete.

"Mayi, ingopopani lifike 33," anatero Changu. "Mwanayu akufunika kusukulu pokwana 4 koloko."

"Ukadali wothamanga? Bwera kuno."

Anamukokera pansi n'kuloza valavu. M'malo moima chilili, inali itapendekeka ngati udzu wa pamphepo.

"Ukuona? Mpweya ukachepa, tayala limasuntha pa limu, n'kumakoka chubu. Chubu chikakokedwa chimang'ambikira pakhosi pa valavu, ndipo mpweya umatuluka wonse nthawi imodzi. Apa patsala pang'ono. Ndikapopa osatsegula, ndiye kuti ndakuphera mng'ono wako ndi manja anga. Ndilitsegula, ndione m'kati, tidikire lizizire, kenako tipime. Ndipo umve izi, uzikawauza anzako a mapaziwo: ukapima pakati pa ulendo n'kupeza nambala yakwera chifukwa cha kutentha, usachotse mpweya. Likazizira lidzakhala lochepa. Nambala ya pakapepala ndi ya tayala lozizira. Ukatsitsa mnzako ndi katundu, n'kumabwerera wekha, ubwezere pa nambala ya munthu mmodzi. Kodi wamva, kapena ndikulankhula ndi mjigo?"

"Ndamva, Mayi."

"Nanga ukuti bwanji? Njinga ndi yako. Ukafuna kupita, pita, koma mpweya wanga sulowa m'menemo."

Changu anayang'ana wotchi. Inali 12 koloko itadutsa. Anayang'ana Mzime, amene ankapukuta misozi. Kenako anayamba kumasula malegeni.

"Tsegulani, Mayi. Tidikira."

5. Foni

Ali m'kati motsitsa katundu, foni inalira m'thumba. Anali bambo. Changu anaiyang'ana mpaka inasiya. Inaliranso.

"Yankha," anatero mayi a matayala, osacheuka. "Foni yoopedwa choncho imakhala ya kholo."

Changu anapita kuseri kwa shedi.

"Mwafika pati?" anafunsa bambo. "Ndimayesa mwadutsa kale mtsetse uja."

"Tadutsa, Bambo. Tili pansi pake."

"Mawu ako akumveka bwanji? Mzime ali kuti?"

"Ali pano, ali bwino. Sitinagwe." Anatsamira khoma la shedi. "Bambo, uthenga uja unali wabodza. Sindinapime. Mkulu uja kunalibe, ine sindinadikire. Tayala linatentha pamtsetse, tinatsala pang'ono kulowa kuphompho."

Changu ankangomva mpweya wa bambo ake.

"Ndipatse mng'ono wako."

Mzime analankhula nawo pang'ono, akuti "eya" ndi "ayi", n'kubweza foni.

"Mwanawe," anatero bambo, "mkulu wa matayala ndakumana naye m'mawa womwe uno. Anandiuza kuti watsegula mochedwa ndipo sanakuone. Kuyambira nthawi imeneyo ndakhala pakhonde, foni ili m'manja, ndikuopa kukuimbira kuti ingakusokoneze uli pamsewu. Kusapima ndi kulakwa kumodzi. Koma bodza lija linandimanga manja. Ukananena zoona ndikanakuuza kwina kopimira, kapena ndikanabwera wapansi. Za zimenezo tidzakamba ukabwera. Panopa umvere amene akukonza njingayo. Akati sikuyenda, ndiye kuti sikuyenda. Sukulu ikatikana tidzapempha. Mwana sapemphedwa kwina."

"Chabwino, Bambo."

Atabwerera m'shedi anapeza wilo lili pansi, tayala litachoka pa limu. Mayi aja analitembenuza, n'kuloza m'kati ndi sipanala. Munali ufa wakuda wa mphira, ndipo m'mbali monse ulusi unali utatuluka ngati mphonje za nsalu yakutha.

"Chubu ndili nacho," anatero. "Koma tayala ili lafa. Silinganyamule ngakhale iwe wekha. La saizi iyi ndilibe. Mwana wanga ali m'tauni kukatenga katundu, ndamuimbira kuti abwere nalo. Afika cha m'ma 3."

"Kuchokera pano kukafika kusukulu ndi maola angati?" anafunsa Mzime.

"Awiri ndi theka, mukayenda ngati anthu."

Mzime anakhala pa ndowa yake, kalata ya kusukulu ili pamwendo, akuiwongola ndi chikhatho.

Patapita kanthawi, galimoto yoyera ya magalasi akuda inaima patsogolo pa shedi. Injini sinazime. Galasi linatsika theka, ndipo munaoneka bambo wovala shati yosita bwino. Anamwetulira. Maso ake sanapite pa wilo, kapena pa mayi a matayala. Anapita pa yunifolomu ya Mzime.

"Yunifolomu imeneyo ndikuidziwa," anatero. "Lero ndi lotsegulira, eti? Ine ndikudutsa pageti penipeni. Kumbuyoku kwadzaza katundu, koma malo a munthu mmodzi alipo. Mwanayo abwere, inu achemwali ake mutsale ndi njinga."

Mzime anaimirira, nkhope itawala koyamba chichokere kunyumba.

"Achemwali, tifika!"

Changu anacheukira mayi a matayala. Mayiwo anali ataimirira, sipanala ili m'manja. Anayandikira, n'kulankhula pansipansi, milomo isakuyenda n'komwe.

"Galimoto iyi yadutsa pano katatu chifikire inu. Ndipo ilibe nambala kumbuyo."

Changu atatembenuka, Mzime anali atafika kale pagalimoto, chikwama chili paphewa, dzanja lili pachitseko.